Wafa Apereke

Mutu 6

1. Mkamwini wa anthu anayi

Leonel anali ndi mtima wapachala, ndipo ku Milange kuno palibe amene sankadziwa. Kusukulu anali wakhama, panjinga anali chamuna, koma ukangomuputa, nkhonya inkafika mawu akadali m'njira.

M'mwezi wa Juni anagulula dzino la mnzake pabwalo la mpira. Nkhani inakathera kuesikwadra, kupolisi kuja. Kumeneko anamusainitsa pepala pamaso pa mayi ake, a Teresinha, ndi a direkitori a kusukulu kwawo. Pepalalo silinapite m'mbali: akadzangomenyanso munthu, adzagona m'chitokosi, ndipo ezame, mayeso aja a kalasi ya khumi, adzangoimva kwa anzake.

A Teresinha analira kuchokera kuesikwadra mpaka pabenchi lawo la tomato, lija lili m'mphepete mwa msewu pakhomo la msika. Ezame imeneyo ndiyo inali chiyembekezo chawo chonse, poti bambo ake a Leonel anapita ku Joni kalekale osatumizako ngakhale moni.

Miyezi isanu yathunthu Leonel manja anawasunga m'thumba. Tsiku limene ndikukuuzanili linali Loweruka lotentha la mu Novembala, ezame itatsala masiku asanu ndi anayi okha.

Leonel anali ndi anzake atatu. Panali Telmo, amene anabatizidwa naye tsiku limodzi, mwana wofatsa wosadziwa n'kutukwana komwe. Panali Dina, mtsikana wa pakamwa polasa, amene ngakhale aphunzitsi ankayamba aganiza asanamufunse funso. Ndiye panali Dionísio, chimnyamata chojintcha, mwana wa bambo wina wogula nandolo.

Patchuthi cha Ogasiti anayiwa anagwirizana zogula gemu yatsopano, ya m'bokosi lake, pa mtengo wake wonse. Leonel, Telmo ndi Dina anatuta matumba a nandolo panjinga kuchokera m'midzi mpaka kusikelo, mapewa kuchita kunyuka. Dionísio thumba sanaligwirepo. Gawo lake anangolisolola m'buluku.

Ankasewerera m'kanyumba kometera ka a Belarmino, kuseri kwa msika. Ana onse ankawatcha Tiyu, ndiye kuti malume, ngakhale amene sanali abale awo. M'kanyumbamo munali mpando umodzi wozungulira, galasi lalikulu, ndi zenera lamatabwa limene ankalichirikiza ndi chitsulo chadzimbiri cha pedulo ya njinga. Munalinso kanema ndi makina a magemu amene a Belarmino anagula ku Limbe kuti odikira kumeta azisewera mpira. Loweruka masana makinawo ankawasiyira anawa.

Vuto linali limodzi. Gemuyo inali ya munthu mmodzi: msilikali mmodzi, ulendo umodzi, ndi komando imodzi, kachipangizo kamabatani kogwira m'manja kaja. Msilikaliyo anamupatsa dzina loti Mkamwini, poti ankagwirira ntchito anthu anayi osadandaula.

Kuti asakangane, Dina analemba lamulo pakatoni n'kulikhoma pakhoma: WAFA APEREKE. Mkamwini akakufera m'manja, komando unkaipereka kwa mnzako. Ankayamba Telmo, kenako Dina, kenako Dionísio, womaliza Leonel. Lamulo limeneli linawasunga bwino miyezi iwiri.

Kenako anafika pamlatho. Pamlathopo pankalondera chimphona chachitsulo chonyamula nkhwangwa, ndipo milungu itatu chinakhala chikumudula Mkamwini pakati, kumuponda mutu, kumuponya m'phompho. Akangofa, pakanema pankatulukira kabotolo kagolide ndi mtengo wake pambali. Ukagula, Mkamwini ankadzukira pomwe wagwerapo n'kupitiriza ndewu.

2. Mbuzi yopanda chiwindi

Loweruka limenelo Telmo anafa msanga, Dina nayenso sanachedwe. Kabotolo katatulukiranso, Dionísio anaomba m'manja.

"Tigule basi," anatero. "Milungu itatu, anthu inu! Tikalambira pamlatho pomwepa."

"Tigule chiyani?" anafunsa Dina. "Gemu tinagula kale. Kapena waiwala, poti iwe thukuta silinakutuluke?"

"Gemu tinagula, inde. Botolo ndi malonda ena."

"Malonda ati? Ukagula mbuzi yathunthu, wogulitsa n'kubisa chiwindi kuti mawa udzachigulenso, umati ndi malonda kapena kuba?"

Dionísio anaseka. "Wakukakamiza ndani? Botolo lili apo, ukafuna gula, ukapanda kufuna lisiye. Anthu anapanga gemuyi amadya, iwe. Akhala zaka pamakompyuta, ali ndi ana kunyumba. Ndiye wina ali ndi nthawi, wina ali ndi ndalama. Ukafuna kupita ku Muloza ukhoza kuyenda wapansi, ukhozanso kukwera kabaza. Wa kabazayo wakubera?"

"Wa kabaza samwaza minga pamsewu kuti oyenda pansi alephere," anayankha Dina. "Awa chimphonachi anachiumitsa dala. Zimphona zonse za m'mbuyomu tinkazigwetsa tsiku limodzi. Bwanji ichi chokha? Ndipo bwanji botolo layamba kubwera pomwepa?"

"Mwina ndinu mbuli basi."

"Iwenso wafapo kangati?"

Telmo analowererapo mwaulemu wake uja. "Ine akanati azigulitsa zipewa ndi malaya a Mkamwini, sindikanadandaula. Wofuna kutchena atchene. Koma moyo? Ukagula moyo, ndiye kuti wasewera ndi iwe kapena ndalama yako?"

"Ndalama yanga ndi ine ndemwe," anatero Dionísio.

"Ya bambo ako," anakonza Dina.

Chimphonacho Leonel anali atachiphunzira kuposa onse. Ankadziwa kuti chikakweza nkhwangwa kumanzere uyenera kugudubuzikira kumanja, ndipo Loweruka lapitalo chinatsala pang'onong'ono kugwa. Chinali chake chimenecho, ndipo onse ankadziwa.

"Ine metikali ina sinditulutsa," anatero. "Phewa langa lili ndi chipsera chifukwa cha gemu imeneyi. Lero ndichigwetsa ndi manja angawa. Amene akuti tisagule akweze mkono."

Mikono itatu inakwera. Dionísio anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Amphawi mumakonda malamulo," anatero.

Leonel anaimirira. Benchi linagwa kumbuyo kwake.

3. Mabatire a wailesi

"Khala pansi, iwe!"

Anali a Belarmino. Nthawi yonseyi ankathira mafuta makina awo ometera ngati sakumva kanthu. Anatukwana mawu awiri m'Chilomwe, monga ankachitira akapsa mtima, kenako anakoka mpando n'kuwakhalira kutsogolo.

"Ana inu, tcherani makutu, poti izi sindinena kawiri. Nkhani ya botolo lanulo ine sindiweruza. Dina ali ndi mfundo, Dionísio nayenso sakunama kuti anthu amadya. Koma chimodzi ndachiona ndikumeta anthu pano. Botolo limenelo silibwera mukamaseka. Limabwera mukangogwa, mitima ili m'mwamba, mano mutakukuta. Wopanga gemuyo akudziwa kuti munthu wokwiya saganiza. Iye ali kutsidya kwa nyanja, mkwiyo wanu sumufika. Ndiye mkwiyowo upita kuti? Upita kwa amene wakhala nawe benchi limodzi.

"Ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tinagula wailesi ya makaseti ku Muloza, anthu anayi ngati inu nomwe. Tinkasinthana, aliyense sabata yake. Mabatire atatha, msuweni wanga Mikayeli anagula ena n'kunena kuti wogula mabatire ndiye mwini wailesi. Tinakangana pakhonde pa amayi anga, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Panali mpini wa khasu pafupi. Sindikumbuka kuutola. Ndimangokumbukira Mikayeli ali pansi, mwendo ukunjenjemera, magazi akutuluka m'khutu.

"Ndinathawa. Mtsinje wa Ruo ndi uwu uli apawu, kuwoloka sikutenga ola. Ndinati ndikakhala sabata imodzi zinthu zizizire. Ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthyola tiyi ku Mulanje ndi dzina labodza. Amayi anga anamwalira, anawaika ine kulibe. Mikayeli anagona pakhonde paja mpaka madzulo, poti aliyense ankadikira kuti wina amunyamule. Akanafika kuchipatala msanga, bwenzi mkono wake ukugwira ntchito lero.

"Mukudziwa kumene ndimapita Loweruka lililonse masana ndikakusiyirani makinawa? Ndimakamumeta Mikayeli. Dzanja lake lamanja linafota, lezala sangagwire. Zaka makumi awiri ndikumumeta, ndipo sanandiyang'anepo m'maso. Wailesi ija sindikudziwa n'komwe kumene inathera."

Anatembenukira kwa Leonel.

"Iwe, pepala lako lija likadali kuesikwadra. Masiku asanu ndi anayi. Magazi akakuwira, chitseko ndi icho. Tuluka, kazungulire msika, ukawaone mayi ako pabenchi lawo paja. Wamva?"

"Ndamva, Tiyu."

"Nawenso Dionísio, pakamwa pako padzakupweteketsa."

"Ndamva, Tiyu," anatero Dionísio, koma maso ali pakanema.

A Belarmino anaika lezala ndi sopo m'kachikwama, n'kutuluka.

4. Maliro osaoneka

Inali nthawi ya Dionísio. Anakhala pampando wometera uja n'kuuzunguza kuti uyang'ane kanema.

Sanathe ngakhale mphindi ziwiri. Chimphona chinamugwira Mkamwini pakhosi n'kumumenyetsa pamiyala, magazi kuti waa pamlatho ponse. Leonel anatambasula dzanja kuti alandire komando.

Dionísio anadina batani. Kuwala kwagolide kunadzaza kanema, ndipo Mkamwini anadzuka ali bwinobwino, lupanga m'manja.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa Dina.

"Mabotolo khumi," anatero Dionísio akumwetulira. "Ndinagula dzulo kwa mnyamata wina wa ku Quelimane amene amagulitsa manambala a magemu. M'mawa muno ndinabwera kudzameta, n'kuwalowetsa Tiyu akusesa panja."

"Ndalama unaitenga kuti?"

"Mufoni ya bambo anga. Sangazindikire."

"Ndiye mikono tinakweza ija inali ya chiyani?" anafunsa Telmo.

"Munkalimbitsa thupi."

Leonel dzanja linali likadali m'malere. "Pereka. Wafa."

"Ndafa? Mukuona maliro apa? Lamulo likuti wafa apereke. Mkamwini ndi uyo akuyenda."

Koma inu, mwano wina umayabwa! Dina anawerenga katoni lija mokweza, n'kuona kuti lamulo lake lomwe lamugwira mwendo. Pamene ankalilemba, m'mutu mwake munalibe zoti imfa ingagulidwe.

Mkamwini anafa kachiwiri, n'kudzuka. Anafa kachitatu, n'kudzuka. Dionísio sankazinda n'komwe. Ankangolunjika pachimphona n'kumatema, nkhwangwa ikumung'amba, iye n'kudina batani. Luso panalibe, koma chimphona chinkafooka ndithu.

"Mano, m'bale wanga, ima kaye," anapempha Telmo. "Ukachipha, chafa kwa tonse. Gemuyi sibwerera m'mbuyo. Musiyire Leonel, wachivutikira milungu itatu."

"Akadikire imfa yanga."

Leonel anakhala pabenchi, manja atawapana pakati pa mawondo. Thukuta linkatsika m'khosi. Anayang'ana chitseko kamodzi, koma sananyamuke.

Pa botolo lachisanu ndi chitatu chimphona chinagwada. Mkamwini anachibaya pakhosi, chinagwera m'phompho ndi mkokomo, ndipo pakona pa kanema panazungulira kachizindikiro kosonyeza kuti gemu yasunga zimene zachitika. Basi, zinathera pomwepo.

Dionísio anaponya komando pamiyendo pa Leonel.

"Tenga tsopano. Ndakulambulira njira. Woloka ulere, mwana wa mayi wa tomato wovunda."

5. Chitsulo cha pazenera

Abale, apa ndi pamene Leonel akanatuluka. Chitseko chinali chotsegula, msika unali apo, mayi ake anali apo. Ine zimandipweteka mpaka lero kuti sanatuluke.

Mbama ya Leonel inalira ngati thabwa lathyoka. Mutu wa Dionísio unapita kumbali, mpando n'kuzungulira naye.

"Leonel, ayi!" anakuwa Telmo.

Dionísio anadzuka ngati ng'ombe yolusa. Anamugwira Leonel pamalaya n'kumukankhira pagalasi. Galasi lalikulu la a Belarmino linati phwaa, zidutswa mbwee pansi ponse. Anagwera limodzi pamagalasi pomwepo, mpando wometera n'kugudubuzikira pakanema.

Dionísio anali wolemera. Anamukhalira Leonel pachifuwa n'kuyamba kumusinja zibakera kumaso, chimodzi, china, china. Mlomo unang'ambika. Mphuno inatseguka. Dina anamukoka Dionísio kukolala, koma chigongono chinamupeza m'mimba, n'kukagwera pakhoma akupuma mobanika.

Leonel analuma dzanja limene linamutsina pakhosi, analuma mpaka mano anamva fupa. Dionísio anakuwa n'kulumpha. Leonel anadzuka, m'kamwa muli mchere wa magazi, diso limodzi likuona mbuu. Anamuponda Dionísio m'nthiti. Dionísio anatola benchi n'kuliponya, linamuphonya pang'ono n'kuswa shelefu ya mafuta ndi zipeso.

"Siyani! Siyani, anthu inu!" Telmo ankalira, akukoka uyu, akukoka uyo.

Dzanja la Leonel linafika pazenera. Linapeza chitsulo cha pedulo chija. Atachisolola, zenera linatsekeka ndi mphamvu, m'kanyumbamo n'kuchita kamdima.

Dionísio anachiona chitsulocho n'kubwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Mwano wonse unathera pomwepo. Anaphimba mutu ndi mikono.

Leonel anakweza chitsulo ndi manja awiri.

"Leonel, pepala lija!"

Telmo analumphira pakati pawo, manja atatambasula. Chitsulo chinali chitatsika kale.

Phokoso lake silinali lalikulu. Linangomveka ngati dzungu lagwa pasimenti. Telmo anaima kaye ngati munthu amene waiwala chimene amafuna kunena, kenako anagwada, n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri. Magazi anatuluka pakati pa zala, n'kutsika m'mikono mpaka m'zigongono.

Pakanema wogwa chammbali uja Mkamwini anali ataima pamlatho wopanda mlonda, kanyimbo kachipambano kakulira.

6. Dzimbiri

Dina ndiye anayamba kuyenda. Anavula kapulana, nsalu imene anamanga m'chiuno pamwamba pa buluku, n'kumukulunga nayo Telmo kumutu. Bala linali pachikope chakumanzere, ndipo diso linali litatupa kale n'kutsekeka.

"Telmo," anaitana Leonel. Mawu ake anali ngati a mwana wamng'ono. "Telmo, sindimafuna iwe."

"Ndikudziwa," anayankha Telmo motsitsa.

Dionísio anafumbata dzanja lake lolumidwa. "Bambo anga asamve zimenezi. Akamva za foni andipha. Tinene kuti wagwa panjinga. Tonse tinene chimodzi."

"Eya," anatero Telmo. "Ndagwa panjinga. Koma iwe Leonel nkhope yako ikuulula. Woloka, ukakhale kwa azakhali ako ku Muloza mpaka iphwe. Ubwere udzalembe ezame. Pita, mano."

Dionísio anatola chitsulo chija n'kumukankhira nacho Leonel pachifuwa. "Ichi ukachiponye mu Ruo." Atatero anatulukira pakhomo n'kuliyatsa liwiro osacheuka.

Leonel anayang'ana Dina. Dina misozi inali mbwembwembwe, koma anagwedeza mutu. "Pita. Ine ndiitana wa kabaza."

Bodzalo linali labwino, ndipo likanagwira. Palibe mwa anayiwo amene akanalitsutsa.

Leonel anatsomeka chitsulo m'lamba, n'kuchiphimba ndi malaya. Anakwera njinga yake n'kuilozetsa msewu wa kumalire. Anapalasa kamodzi, kawiri, katatu.

"Telmo! Telmo, dzuka!"

Anacheuka. Telmo anali atayesa kuimirira pakhomo, koma anasanza n'kugwa chafufumimba pafumbi. Dina ankamukoka mkono osamutha. Anthu awiri atatu anali atayamba kuima chapatali, manja kumbuyo, aliyense akudikira kuti wina amunyamule.

Leonel anaponda pansi. Anatembenuza njinga.

Anamukhazika Telmo pakaliyala. Dina anapempha nsalu kwa mayi wina wogulitsa makala, n'kuwamanga awiriwo pamodzi m'chiuno ngati mayi ndi mwana. Leonel anapalasa chokwera, mutu wa Telmo ukumugunda pamsana, magazi ofunda akulowa m'malaya. Dina ankathamanga pambali atagwira phewa la Telmo.

Pageti la chipatala Dina anati, "Basi, tisiye pano. Nthawi ikadalipo."

Koma miyendo ya Telmo inali itakana. Leonel anamubereka mpaka m'chipinda cha ovulala.

Pakhomo la chipindacho, pabenchi, panakhala wapolisi amene anabweretsa munthu wina wa ngozi ya njinga yamoto. Ankasewera ndi foni yake. Leonel anamudziwa pomwepo. Anali yemwe uja anamubwereka cholembera chosainira pepala lija mu Juni.

Namwino, mayi wachikulire wa magalasi, anamasula kapulana n'kutsuka bala. Telmo anabuula.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa namwinoyo.

"Wagwa panjinga," anatero Dina.

"Ndagwa panjinga, mayi," anatero Telmo.

Namwino anamutembenuza manja, anamuyang'ana zigongono ndi mawondo. Kenako anaonetsa thonje limene anapukutira bala.

"Ana inu, ine ntchito imeneyi sindinayambe dzulo. Wogwa panjinga amanyuka zigongono, ndipo m'bala mwake mumakhala mchenga. Umu mulibe mchenga, muli dzimbiri. Ngati wagwadi, ndimusoka, ndimupatse mankhwala, abwerenso Lolemba. Koma ngati chamumenya ndi chitsulo, mwina kachidutswa katsalira m'disomu, ndipo diso latupa, sindingathe kuona. Zikatero ayenera kupita kuchipatala chachikulu ku Quelimane lero lomwe, galimoto yathu isananyamuke ndi wa ngozi uyo. Akafika Lolemba ali nako, diso limeneli mulitsanzike. Ndikufunsanso kamodzi: chachitika n'chiyani?"

Dina anayang'ana pansi. Telmo anatsegula pakamwa.

"Ndagwa pa..."

"Khala chete, Telmo," anatero Leonel.

Anakweza malaya, anasolola chitsulo chija, n'kuchiika patebulo pakati pa thonje ndi mabotolo. Chinalira ngwee, wapolisi n'kudzutsa mutu.

"Chamumenya ndi ichi, mayi. Ndamumenya ndine."

Namwino anachinyamula n'kuchiyang'ana kunsonga. Panali pobenthuka, powala, pamene dzimbiri linali litangochoka kumene. Anathamangira pakhomo n'kukuwa kuti galimoto idikire, pali wachiwiri.

"Wapusa iwe," analira Telmo akumuika pamachira. "Wapusa, Leonel. Ezame!"

"Ukabwere ndi maso awiri," anatero Leonel.

Wapolisi uja anaika foni m'thumba n'kuimirira. Anayang'ana chitsulo, anayang'ana mlomo wong'ambika wa Leonel, anayang'ana malaya ofiira ndi magazi.

"Leonel. Si iwe wa pepala lija?"

"Ndine, bwana."

"Ukukumbuka zimene linanena?"

"Ndikukumbuka."

Panja, galimoto inatuluka pageti ndi Telmo, fumbi n'kuitsatira. Leonel anaiyang'ana mpaka inakhota. Kenako anagwira njinga yake pachiwongolero n'kuikankhira kwa Dina.

"Ukawauze Tiyu kuti galasi ndaswa ndine. Uwauzenso kuti sindinawoloke."

Wapolisi anakulunga chitsulo m'pepala, n'kumugwira Leonel kumkono. Sanamumange unyolo. Anangoti, "Tiye," n'kuyamba kuyenda naye wapansi, dzuwa likadali mbee, anthu akutuluka m'mashopu kudzaonerera.

Njira yochokera kuchipatala kupita kuesikwadra ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pakhomo la msika. Ali chapatali, Leonel anawaona mayi ake pabenchi lawo paja, akuunjika tomato timilumilu, akuseka ndi mnzawo wogulitsa anyezi. Mnzawoyo ndiye anayamba kuona. Anasiya kuseka, n'kuwagwira a Teresinha paphewa.

A Teresinha anatembenuka, tomato ali m'manja.